Olemba Maina a Mitengo ya ku Kasungu

Munthu amene acoka pa boma la Kasungu nalunjika ca kum'mawa, kunka ku dziko la Mfumu Wimbe, aona cidikha cacikulu cimene maso alephera kupeza malekezero ace. Mbali zonse ziwiri za mseu kuli minda ya cimanga ndi ya fodya, zigafa zofolera ndi udzu, mitengo ya mango ndi mizere ya bulugamu. Apa ndi apo aona kankhalango kakuda bii, kataima kokha pakati pa minda. Mlendo akafunsa kuti, "Nanga mitengo iyo anaisiyiranji?" ngakhale mwana wamng'ono amyankha kuti, "Kumeneko ndi ku manda."

Dziko limeneli silinali lotere kale. Mbali yaikulu inali nkhalango ya mombo, tsamba, mtondo ndi mcenga, yodukizadukiza ndi madambo ndi minda ya midzi. Pansi pa mitengoyo panali zitsamba, maudzu, zilazi zam'thengo ndi bowa. Kodi adziwa ndani zonse zimene zinamera m'menemo? Zina zikali m'mitu ya nkhalamba. Zina zinalembedwa pa mapepala amene asungidwa ku Zomba, ku London ndi ku New York. Nkhani ya m'kabuku kano ndiyo ya mapepala amenewo, ndi ya anthu amene anayenda m'thengo kuwalemba.

Eni ace a nzeruzi

Oyamba kudziwa zomera za ku Kasungu anali Acewa eni dziko. Amai anadziwa luni, bonongwe, cisoso, denje ndi cewe, nadziwa udzu woyenera kuocha cidulo. Ana anadziwa nyengo ya masuku, maula, matowo, mateme ndi nthudza. Amuna anadziwa kuti luzi labwino licokera ku mombo, kuti mlombwa upereka thabwa losadyedwa ndi ciswe, ndi kuti muwanga suola msanga m'nthaka. Osula zitsulo anasankha mitengo yolimba ya makala a m'ng'anjo zao, ndipo ng'anjo zina zakale zikaonekabe m'nkhalango ya Kasungu. Sing'anga anadziwa mizu ndi makungwa amene sanauze munthu wina koma mphwace kapena mwana wace yekha.

Nzeru imeneyi inali yakuya, koma inali ndi zofooka ziwiri. Coyamba, sing'anga akamwalira asanaphunzitse wina, mankhwala ace analowa naye m'manda. Caciwiri, maina sanali amodzi m'maiko onse. Mtengo umene Acewa ati mlombwa, Ayao ati mtumbati, ndipo kutsidya kwa Zambezi ati mukwa. Komanso dzina limodzi la mombo lisenza mitundu ingapo ya mitengo imene masamba ace ndi zipatso zace sizifanana. Cifukwa ca bvuto lotere, munthu wa ku Sweden wochedwa Carl Linnaeus anakhazikitsa mu 1753 mwambo wakuti comera ciri conse cikhale ndi dzina limodzi la mau awiri a Cilatini, lodziwika pa dziko lonse lapansi.

John Kirk ndi mswaci wace

Mzungu woyamba kutola zomera za dziko lino mwa mwambo umenewo anali Dr. John Kirk, dotolo wa ku Scotland, amene anayenda ndi David Livingstone kuyambira mu 1858. Iye anafika pa Nyanja ya Malawi mu Sepitembala 1859. Nchito yace inali ya mabvuto. Mu 1860 bwato lace linagubuduka pa mathithi a Kebrabasa mu mtsinje wa Zambezi, ndipo mabuku amene analembamo za zomera, pamodzi ndi zithunzi zimene anajambula, zinapita ndi madzi. Iye mwini anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi.

Kwa Amang'anja a m'mbali mwa Shire, Kirk anaona alenje alikupaka ulembe wa kombe ku mibvi yao. Anaika kombe pang'ono m'thumba lomwe anasungamo mswaci wace. M'mawa wina potsuka mano anamva kuwawa m'kamwa, ndipo anazindikira kuti mtima wace wayamba kugunda pang'onopang'ono. Mbeu za kombe zinatumizidwa ku Edinburgh, kumene Dr. Thomas Fraser anaziyesa zaka zambiri, kufikira m'zaka za m'ma 1880 zinasanduka mankhwala a nthenda ya mtima. Pambuyo pace dziko la Nyasaland linagulitsa mbeuzi kunja. Alenje amene anaonetsa Kirk comeraco sanalembedwe maina. Kirk anakumbukidwa: mtengo wa masuku, umene mwana ali yense wa kwa Wimbe audziwa, uchedwa Uapaca kirkiana m'mabuku a maiko onse.

Koma Kirk sanaponde ku Kasungu. Pamene Livingstone anakwera kucokera ku Nkhotakota mu Sepitembala 1863, nafika kwa Mfumu Mwase, Kirk anali atabwerera kale. Livingstone analemba kuti mudzi wa Mwase unazingidwa ndi linga ndi mitengo yaitali ya mtundu wa nkhadze, koma analibe munthu wotola zomera pa ulendowo.

Otsata pambuyo anakopeka ndi mapiri. Alexander Whyte, amene boma la Harry Johnston linamlemba nchito yofufuza zomera ndi nyama, anakwera phiri la Mulanje mu Okutobala 1891. Mkungudza wa pa phirilo unachedwa Widdringtonia whytei mu 1894. Mu 1896 anapita ku Nyika. Ku mapiri ndiko kuli maluwa osapezeka kwina, ndipo wotola zomera afuna kupeza cacilendo monga mlenje afuna nyama yaikulu. Cidikha ca Kasungu cinaoneka kwa iwo ngati njira yodutsamo cabe, yokhala ndi mitengo yofananafanana. Apa analakwa, pakuti nkhalango imene inali kudyetsa anthu ambiri ndiyo imene inacedwa kulembedwa.

Kagwiridwe kace ka nchitoyi

Nchito yotola zomera sinasinthe kwambiri kuyambira masiku a Kirk. Wotola adula kanthambi kokhala ndi masamba, maluwa ndi zipatso ngati zilipo. Comera cikakhala cacing'ono acizula ndi mizu yomwe. Aciyala pakati pa mapepala, nacipanikiza ndi matabwa awiri omangidwa ndi malamba. Tsiku ndi tsiku asintha mapepala onyowa, cifukwa akacedwa comeraco cicita nkhungu ndi kubvunda. M'dzinja ayenera kuumika mtolowo pamwamba pa moto wosalilima.

Cinthu cacikulu koposa ndi kapepala kolembapo. Pamenepo palembedwa nambala, tsiku, malo, mtundu wa nthaka, msinkhu wa mtengo, maonekedwe a maluwa asanafote, dzina limene eni dziko achula, ndi nchito imene agwiritsa comeraco. Kanthambi kopanda kapepala ndi cinyalala cabe. Kanthambi kokhala ndi kapepala ndi mboni imene inena kuti, pa tsiku lakuti, pa malo akuti, mtengo uwu unalipo. Kakauma akamata pa pepala lolimba, nakasunga m'kabati mosalowa njenjete, ndipo kakhoza kukhala zaka mazana. Kawirikawiri atola tinthambi tingapo ta mtengo umodzi, kuti kena katsale ku Zomba, kena kapite ku Kew pafupi ndi London.

Mai amene anafunsa za ndiwo

Mu 1922 boma linapatula dziko la kumadzulo kwa Kasungu likhale nkhalango yosungidwa, ndipo anthu a kumeneko anasamutsidwa cifukwa ca nthenda ya kaodzera. Mu 1930 malowo anasanduka osungirako nyama. Mu 1936 J. Burtt Davy ndi A. C. Hoyle a ku Oxford anasindikiza mndandanda wa mitengo ya m'Nyasaland, pogwiritsa nchito zimene a nthambi ya nkhalango anatola. Maso a boma masiku amenewo anali pa mitengo ya matabwa.

Amene anaweramira pansi kuona timasamba ta ndiwo anali munthu wamkazi. Mu 1938 kunabwera gulu lofufuza za cakudya ca anthu, lotsogozedwa ndi Dr. B. S. Platt. Gululi linasankha midzi itatu m'dziko loyandikana ndi Kasungu: wina ku mapiri a Ntchisi, wina m'munsi mwa mapiri, wina ku nyanja pafupi ndi Nkhotakota. M'gulumo munali Jessie Barker, amene atakwatiwa anadziwika ndi dzina lakuti Jessie Williamson. Nchito yace inali kukhala pa mtondo ndi pa mafuwa pamodzi ndi amai, kuyesa ufa ndi ndiwo, ndi kufunsa dzina la tsamba liri lonse lolowa mu mphika.

Zimene anapeza zinadabwitsa akulu a boma, ngakhale kuti kwa amai a m'midzi sizinali zacilendo konse. Ndiwo zambiri za pa banja zinali zosabzala. Zinacokera m'thengo, m'madambo ndi m'masala. Amai anafutsa masamba m'dzinja nawasunga m'zikwatu kuti adye m'cilimwe. Mai Williamson anatola zomerazo, ndipo P. J. Greenway, katswiri amene anali kugwira nchito ku Amani m'dziko la Tanganyika, anathandiza kupeza maina ace a Cilatini. Mu 1955 buku lao lochedwa Useful Plants of Nyasaland linasindikizidwa ku Zomba, ndipo linakonzedwanso mu 1975 ndi dzina la Malawi. M'bukumo comera ciri conse ciri ndi maina ace a Cicewa, Ciyao, Citumbuka ndi zinenero zina, ndi mau onena ngati cidyedwa, ngati ciciza, kapena ngati cipha. Pa mabuku onse a nthawi ya Atsamunda onena za zomera, limeneli ndilo linayandikira kwambiri ku moyo wa munthu wa pamudzi. Cisoni cace ncakuti linalembedwa m'Cingerezi, cinenero cimene amai opereka nzeruzo sanathe kuwerenga.

Otola zomera afika ku Kasungu

Nkhondo yaciwiri itatha, munthu wolemera wochedwa Arthur Vernay analipira ulendo wofufuza nyama ndi zomera m'Nyasaland mu 1946. Wotola zomera pa ulendowo anali Leonard Brass wa ku Australia. Atayenda ku Zomba, Mulanje, Ntchisi ndi Nyika, anafika ku Kasungu kumapeto kwa Ogasiti, natola zomera pa phiri la Kasungu ndi m'nkhalango zozungulira. Imeneyo ndi nyengo imene mombo ndi tsamba ziphuka masamba ofiira, koma udzu uli utapsa ndi lupsa, ndipo timaluwa ta m'dzinja tiri titabisala m'nthaka. Zimene Brass anatola zinalongosoledwa ndi J. P. M. Brenan wa ku Kew, nizisindikizidwa ku New York mu 1953 ndi 1954.

Ulendo umodzi sukwanira, cifukwa thengo la Ogasiti ndi thengo la Januwale ndi maiko awiri. George Jackson, wa nthambi ya zaulimi, anayenda m'maboma ambiri m'zaka za m'ma 1950 kuyang'ana nthaka ndi zomera zace, ndipo mu 1958 iye ndi P. O. Wiehe anatulutsa mndandanda wa maudzu a m'dziko lino. Munthu woona ngati udzu ndi tsekera, nsenjere ndi kapinga basi angadabwe kumva kuti mitundu yace iposa mazana angapo. Mu Januwale 1959 Norman Robson wocokera ku London anayenda ndi Jackson m'boma la Kasungu mvula iri mkati, natola zimene Brass sakanatha kuziona. Zomerazo zinali za buku lalikulu lochedwa Flora Zambesiaca, limene gawo lace loyamba linatuluka mu 1960. Bukuli lilongosola zomera za Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Botswana, ndipo kulemba kwace kwatenga zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi.

Pa maulendo onsewa panali anthu a dziko lino. Ena anasenza matabwa opanikizira, ena anakwera m'mitengo kuthyola maluwa, ena anaonetsa njira ya ku dambo nachula maina. Pa timapepala tambiri dzina la mtengo la Cicewa lilipo, koma dzina la munthu amene analichula palibe.

Fodya ndi nkhwangwa

Pamene Robson anali kutola maluwa ace, cinthu cimene cinadzasintha Kasungu cinali citafika kale. Ca m'ma 1950 kampani ya boma la Britain inatsegula minda ya fodya wowamba m'mabalani. Dziko litalandira ufulu mu 1964, ndipo makamaka m'zaka za m'ma 1970, maesiteti anaculuka, ndipo anthu ambiri anabwera kucokera ku maboma ena kudzagwira nchito ya utenanti. Mu 1970 nkhalango ya kumadzulo inakwezedwa kukhala Kasungu National Park. Kunja kwa malire ace nkhwangwa inalira. Fodya wa m'mabalani afuna nkhuni usana ndi usiku kwa masiku angapo kuti aume, ndipo nkhuni za mombo ndi mtondo ndizo zisunga moto. Fodya wa bale safuna moto, koma afuna zigafa, ndipo cigafa cifuna mafoloko, mitanda, luzi ndi udzu, zimene ciswe cidya pakapita zaka zowerengeka. Kuyambira mu 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale, ndipo zigafa zinamera pa khomo ndi khomo.

Sikoyenera kunyoza mlimi cifukwa ca zimenezi. Fodya anagula malata, njinga ndi feteleza, nalipira sukulu ya ana ambiri a kwa Wimbe. Boma linalimbikitsa kubzala bulugamu m'malo mwa mitengo yodulidwa, ndipo bulugamu akula msanga napereka milimo yowongoka. Koma pansi pa bulugamu sipamera manyame kapena ndelema, cifukwa bowa ameneyu akhala ndi moyo pa mizu ya mombo, mtondo ndi msuku. Nkhalango ikapita, bowa, uci, luzi ndi mankhwala zipitira limodzi.

Kuyambira pamenepo colinga ca otola zomera cinasintha. Oyamba aja anafunsa kuti, "Kodi m'dziko muno muli ciani?" Otsata pambuyo anayamba kufunsa kuti, "Kodi catsala nciani, ndipo catsala kuti?"

Amalawi atenga nchito

Mu 1972 Blodwen Binns, mphunzitsi wa pa Yunivesite ya Malawi, anasindikiza buku lolumikiza maina a zomera a m'zinenero za kuno ndi maina a Cilatini. M'zaka zimenezo maina a Amalawi anaculuka pa timapepala tija monga otola eni ace. Elias Banda, Augustine Salubeni ndi Hassam Patel anatola zomera zikwi zambiri, ndipo akatswiri ocokera kunja anadalira maso ao m'thengo. Mu 1987 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, ndipo mtsogoleri wace woyamba anali Dr. James Seyani. Nyumba yace yosungiramo zomera zouma ku Zomba iri ndi mapepala oposa 100,000. Akatswiri awerengera kuti m'Malawi muli mitundu ya zomera pakati pa 5,000 ndi 6,000.

Mu 2002 maiko a kumwera kwa Afirika anatulutsa buku la zomera zimene ziri pangozi yakutha, ndipo gawo la Malawi linalembedwa ndi Amalawi awiri, Gladys Msekandiana ndi E. Mlangeni. Kuti comera cilowe m'buku lotere, ofufuza atenga mapepala akale, napita ku malo olembedwapo kukaona ngati cikalipo. Ayesa kabwalo ndi cingwe, nawerenga mitengo yaikulu, zitsa ndi mphukira. Masiku ano atenganso kamakina kolandira mau ocokera ku zipangizo za mumlengalenga, kamene kalemba malo enieni a mtengo. Akapeza mbeu zokhwima azitola, naziumika, nazisunga m'cipinda cozizira. Nkhokwe yotere iri ku Chitedze pafupi ndi Lilongwe kuyambira mu 1992, ndipo ina yaikulu inatsegulidwa ku Wakehurst m'dziko la England mu 2000.

Kuwerenga kotere nthawi zina kubweretsa uthenga wowawa. Mu 2017 ofufuza anayenda phiri la Mulanje kufuna mkungudza uja wa Whyte, napeza mitengo yaikulu 7 yokha. Cifukwa cakuti mbeu zinali zitasungidwa, midzi yozungulira phirilo inafesa mbande zikwi zambiri. Mu 2022 maiko anagwirizana ku Panama kuti matabwa a mlombwa, mbawa ndi msambamfumu asatuluke m'dziko lao popanda cilolezo. Ku madambo a Kasungu ndi Mzimba nkhawa iri pa cinaka. Timbatata tace ndi mizu ya maluwa a m'dambo, ndipo wokumba akatenga kambatata ka caka cino, comeraco sicidzukanso. Kale amai anakumba za mu mphika umodzi. Malonda a cinaka atakula, makamaka opita ku Zambia, anthu anayamba kukumba za m'matumba.

Njala ya 2002

Wina angafunse kuti, "Nanga kanthambi kouma ka m'kabati ku Zomba kathandiza bwanji munthu wa kwa Wimbe?" Yankho lina linaoneka kumayambiriro kwa 2002, pamene njala yaikulu inagwa m'Malawi, ndipo Kasungu inali pakati pa maboma osautsidwa koposa. Nkhokwe zitatha, anthu anadya gaga, masamba a maungu ndi zitsa za nthoci. Ena anapita kukakumba mizu m'thengo monga anacitira makolo ao. Koma thengo linali litacepa, ndipo odziwa kusiyanitsa cilazi cabwino ndi cakupha, kapena odziwa masiku obviika muzu woledzeretsa m'madzi usanaphikidwe, anali atacepanso. Mbiri inamveka ya anthu odwala ndi akufa cifukwa ca mizu imene anadya. Zina mwa nzeru zimene zinasowa caka cimeneco zinali zitalembedwa m'buku la Mai Williamson zaka 47 m'mbuyomo, koma bukulo linali m'malaibulale a m'tauni.

Kumadzulo, kumene nkhalango inasungidwa, midzi yoyandikana ndi malire inaloledwa kuyambira ca m'ma 1990 kulowa kukatola matondo ndi kupacika ming'oma ya njuci. Matondo adya masamba a mtondo, ndipo apezeka kumayambiriro kwa mvula, nthawi imene ndiwo ndi ndalama zisowa pakhomo. Kwa Wimbe ndi kutali ndi malire amenewo.

Cifukwa cace wofufuza amene afuna kudziwa nkhalango yakale ya kum'mawa kwa Kasungu ayang'ana malo atatu: timapiri ta miyala tosalimika, magombe a mitsinje monga Bua, ndi manda. Ku manda ndiko kupezeka msuku, muula, mtondo ndi mlombwa wa msinkhu wace wonse, pamodzi ndi zitsamba zomera pansi pace, cifukwa mwambo uletsa kudulako mtengo kapena kutemako nkhuni wamba. Koma manda a Acewa ndiwonso dambwe la Gule Wamkulu, ndipo munthu wosameta saloledwa kulowamo yekha. Katswiri, ngakhale akhale ndi makalata a ku Zomba kapena a ku Kew, ayenera kuyamba wafika kwa nyakwawa, kukhala pansi, kuomba m'manja, ndi kufotokoza cimene wadzera. Nyakwawa ikabvomera, ipereka mkulu wina womperekeza, ndipo mkulu ameneyo ndiye atsogola, nachula mtengo uli wonse dzina lace, wofufuza nalemba.